Makiyi a sukulu ali m'thumba mwa ndani?

Ndi Lachiwiri m'mawa, nthawi ikuthamangira 7 koloko. Amayi anayi ophika phala afika kale, nkhuni awaza, madzi atunga, koma moto sanakoleze. Ufa uli m'sitolo, ndipo sitoloyo ndi yokhoma. Aphunzitsi a Sitandade 2 akufuna choko, koma choko chili mu ofesi, nayonso yokhoma. Pakhonde paima bambo wina ndi mwana wake, akufuna kalata ya transifa poti akusamukira ku Mchinji, chikhalirecho chidindo chili m'kabati ya mu ofesi momwemo. Ahedi analawirira pa njinga ku msonkhano wa ku TDC, malo amene aphunzitsi a sukulu za m'zoni imodzi amakumanirana, makiyi onse ali m'thumba la jekete. Adepyute alipo ndithu, koma aliyense akumuyankha mawu amodzimodzi: "Tidikire eni ake abwere."

Amene anaphunzitsapo ku pulayimale m'Malawi muno m'mawa ngati umenewu amaudziwa. Chodabwitsa n'chakuti ahedi oterewa kawirikawiri sakhala aulesi kapena akuba. Ndi aja amafika pasukulu mbandakucha n'kuchoka dzuwa litalowa, aja amadziwa chiwerengero cha madesiki othyoka pamtima. Khama lawo lomwelo ndi limene limaimitsa sukulu akangochokapo theka la tsiku.

Kutuma si kupatsa udindo

Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino zinthu ziwiri zimene ahedi ambiri amazisokoneza. Pali kutuma, ndiye pali kusiyira munthu udindo. Wotumidwa amapita ndi mawu a amene wamutuma, n'kubwerera kudzanena zimene wapeza. Akakumana ndi zimene sanauzidwe amaima kaye, chifukwa si zake. Wopatsidwa udindo amauzidwa zimene zikufunika kuti zitheke, koma njira yake amasankha yekha, ndipo akakumana ndi zosayembekezeka amagamula.

Ahedi akanena kuti, "Madamu, katengeni matumba awiri a ufa muwapatse amayi aja, makiyi mubweze," amenewo atuma. Akanena kuti, "Madamu, kuyambira teremu ino za phala ndi zanu. Kiyi wa sitolo nayu, buku la sitoko nali. Muzionana ndi amayi ophika, ine ndiziona bukuli Lachisanu lililonse," apo ndiye apereka udindo. Thukuta lake lingafanane, koma pachiwiripa madamu aja alandira mphamvu yogamula.

M'ntchito iliyonse yopatsirana muli zinthu zitatu, ndipo siziyenda mofanana. Ntchito yeniyeniyo imasamuka yonse. Mphamvu yogamula imayenera kusamuka molingana ndi kukula kwa ntchitoyo. Koma kuyankha mlandu sikusamuka konse ayi. Ufa ukasowa, madamu aja adzayankha kwa ahedi, koma a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale m'zoni, akabwera sadzafunsa madamu. Adzafunsa ahedi, ndipo ku ofesi ya zamaphunziro ku boma dzina limene lidzalembedwe ndi la ahedi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Apa ndi pamene pagona vuto lonse: munthu akupemphedwa kupereka kiyi kwa wina, koma chitseko chikapezeka chotsegula, wokwapulidwa ndi iye yemwe. Amene sanamvetse mfundo imeneyi amangoti ahedi okakamira makiyi ndi odzikonda, pomwe ambiri a iwo ndi amantha chabe, ndipo mantha awowo ali ndi chifukwa.

Kumene manthawa amachokera

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji, n'kuwaphunzitsa ali kale pantchito kudzera mu pologalamu ya MIITEP. Ahedi a nthawi imeneyo anapezeka ndi sukulu zotupa, makalasi a pansi pa mtengo, ndi sitafu imene theka lake linali lisanalembepo sikimu chibadwire. N'zosadabwitsa kuti anazolowera kuchita zonse okha. Ambiri amene ali ahedi lero anakulira m'manja mwa ahedi amenewo, ndipo uhedi anauphunzira poonera.

Chachiwiri ndi momwe munthu amakhalira hedi. Ku pulayimale ambiri amangosankhidwa kuti atsogolere sukulu popanda giredi yawo kukwera. Munthu amagona ali mphunzitsi wa Sitandade 7, n'kudzuka ali ahedi, akulandira malipiro ofanana ndi anzake amene anali kudya nawo mandasi pa buleki dzulo lake. Ena mwa amene akuwatsogolera ndi achikulire kuposa iye, ena ali ndi dipuloma kapena digiri imene iye alibe. Munthu wotere chimene chimamusiyanitsa ndi anzake n'chiyani? Ofesi, chidindo ndi makiyi. Kumuuza kuti agawe zimenezi kumamveka ngati kumuuza kuti avule uhedi womwewo.

Palinso zakwathu. Mtsikana wazaka 26 wochokera ku koleji ya aphunzitsi (TTC) kupatsidwa udindo woyang'ana malesoni pulani a bambo wazaka 55 si nkhani yapafupi, ngakhale mtsikanayo atakhala katswiri. Ahedi ena amathawa mkangano umenewu pongogwira okha ntchito yonse. Enanso anapsapo kale: anakhulupirira munthu ndi ndalama za mayeso, munthuyo n'kuzidya, iwo n'kubweza za m'thumba. Zoterezi siziiwalika msanga.

Komabe masamu ake sagwirizana ndi mantha amenewa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 ana opitirira 100 si chachilendo. Ahedi ambiri akumudzi ali ndi kalasi yawoyawo yophunzitsa. Onjezanipo misonkhano ya ku zoni, malipoti a mwezi ndi mwezi, kulembetsa ana a Sitandade 8 mayeso a MANEB, milandu ya ana, makolo, mafumu, maliro a m'mudzi. Tsiku silitalika chifukwa choti munthu ndi hedi. Akakana kugawa, ntchito ina imangofa mwakachetechete, ndipo imene imayamba kufa ndi ija yopanda wokuwa: kulowa m'kalasi n'kuona ngati ana akuphunziradi.

Anthu oti n'kugawana nawo alipo kale

Dongosolo la sukulu zathu linakonzedwa moganizira kuti ahedi sagwira okha. Pali adepyute. Pali oyang'anira zigawo, cha ana aang'ono a Sitandade 1 ndi 2, chapakati, ndi cha akuluakulu. Pali mphunzitsi wa pa dyute sabata iliyonse. Ku sekondale kuli akuluakulu a madipatimenti a sayansi, ziyankhulo ndi maphunziro a za anthu, kuli aphunzitsi oyang'anira fomu iliyonse, ndi oyang'anira zogonera kumene ana amagonera pasukulu. Kunja kwa sitafu kuli komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi amayi a Mother Group. Mayina onsewa mudzawapeza atalembedwa bwino ndi maka pa tchati cha pakhoma la ofesi. Funso ndi lakuti, kodi amene dzina lake lili pa tchatipo anagamulapo chinthu chilichonse teremu ino popanda kuyamba wagogoda kwa ahedi?

Tengani oyang'anira chigawo cha ana aang'ono. Kuyambira pamene pologalamu ya National Reading Programme inayamba mu 2016, kaphunzitsidwe ka kuwerenga m'makalasi oyambirira kali ndi ndondomeko yakeyake: maliwu, maphatikizo, mawu, kenako ziganizo. Ahedi amene akhala zaka khumi akuphunzitsa masamu ku Sitandade 8 sangamuthandize kwenikweni mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ana ake akusokoneza "b" ndi "d". Madamu amene akhala m'chigawo chimenecho zaka zambiri angathe. Apa kugawa udindo sikungopeputsa ahedi, kukupereka ntchito kwa amene amaidziwa kuposa iwo. Ahedi ena pamenepa ndi pamene pamawawawa, kuvomera kuti pasukulu pawo pali wina wodziwa chinthu kuwaposa.

Za amayi a Mother Group n'chimodzimodzi. Malawi ali ndi lamulo, kuyambira 1993, lolola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwereranso akabereka. Koma mtsikana wa Sitandade 7 sangakhale pa mpando mu ofesi ya ahedi aamuna n'kufotokoza za kumwezi kapena za bambo wa pa gulosale amene akumunyengerera. Amauza mayi. Ahedi anzeru amawasiyira amayiwa mpata wonse wolankhula ndi ana ndi makolo awo, iwo n'kungogwira mbali ya makalata ndi malo m'kalasi. Koma pali malire oyenera kunenedwa poyambirira penipeni: nkhani ikakhala yogwiririra, kapena ikakhudza mphunzitsi, si yokambirana pansi pa mtengo wa mango. Ifike kwa ahedi tsiku lomwelo, ndipo ipitirire kwa oyenera.

Ndalama ndiye pamene pamagwa ambiri. Thandizo la School Improvement Grant limene sukulu za pulayimale zimalandira linakonzedwa kuti lisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Sukulu ndi anthu a m'dera amayenera kugwirizana pa pulani ya zimene akufuna kukonza, komiti imakhala nawo pogamula ndi posaina, ndipo malisiti amasungidwa. Ahedi ena amaona ngati komiti ikuwachedwetsa, makamaka msungichuma akakhala gogo wovutika kuwerenga, ndiye amangogula okha n'kubweretsa mapepala kuti ena asaine. Angakhale asanadye ngakhale tambala, tsiku limene mphekesera idzabuka m'mudzi kuti ahedi agula malata a nyumba yawo ndi ndalama za sukulu, sipadzapezeka wowaikira kumbuyo, poti palibe anaona. Pa ndalama, kugawa udindo kumateteza ahedi eni akewo. Ine ndimati wotenga makotesheni akhale wina, wokagula wina, wolandira katundu n'kulemba m'buku winanso, ndipo zimene zagulidwa zimatidwe pa bolodi poti kholo lililonse liwerenge.

Zilipo zina zosagawika. Kulemba lipoti la mphunzitsi amene akujomba kapena kubwera ataledzera ndi kwa ahedi. Kusainira kuti mayina ndi zithunzi za ana olemba mayeso a Sitandade 8 a PSLCE zili bwino ndi kwa ahedi, ngakhale wolemba mayinawo atakhala wina, chifukwa dzina likalakwika pamenepo mwana amavutika nalo mpaka ku sekondale. Kukauza kholo nkhani yowawa, kapena kuyankha mafumu pa mkangano wa malire a sukulu, nakonso ndi kwawo. Ahedi amene amagwira makiyi a choko koma n'kutuma adepyute kukakumana ndi kholo lolusa atembenuza zinthu.

Chikhulupiriro chimamangidwa pa buku la sitoko

Anthu amalankhula za kukhulupirirana ngati ndi nkhani ya mumtima yokha, yoti munthu umamukhulupirira kapena ayi. Pasukulu sizitero. Chikhulupiriro chimakula ndi umboni, ndipo umboni umafuna kuti pakhale poonera.

Tibwerere kwa madamu a phala aja. Lachisanu loyamba, ana ataweruka, ahedi akhala nawo pa benchi pakhomo pa sitolo. Atsegula buku: Lolemba munali matumba 40, atulutsa awiri tsiku lililonse, ndiye payenera kutsala 30. Alowa limodzi, awerenga, apeza 29.

"Madamu, limodzi lapita kuti?"

"Pepani ahedi, Lachitatu thumba lina tinalipeza litanyowa, denga likudontha pakona apo. Ndinatulutsa lina koma ndinaiwala kulemba. Lonyowalo ndi ilo ndaika padera."

"Chabwino. Lembani pompano, musainire, nanenso ndisainira. Za dengazo ndikauza a komiti mawa."

Zatha m'mphindi khumi. Palibe wanyozeka, chifukwa kuwerengako kunanenedwa kale tsiku lopereka kiyi. Madamu aphunzira kuti kulemba n'kofunika, ahedi adziwa kuti munthuyu sabisa akalakwitsa, ndipo denga lodontha laoneka lisanawononge matumba khumi. Pakatha mwezi zikuyenda bwino, kuwerenga kuja kumakhala kwa pa masabata awiri, kenako kwa pamwezi. Chingwe chimatalika malinga ndi zimene zaoneka.

Yerekezani ndi ahedi amene amapereka kiyi n'kunena kuti "ndimakukhulupirirani, sindidzayang'anako," kenako n'kumalowa m'sitolo mozemba madzulo ndi kiyi wapadera, kapena kumafunsa mlonda kuti madamu amatuluka ndi chiyani m'chikwama. Zimenezi zimamveka ndithu, pasukulu palibe chinsinsi. Kuyendera kolengezedwa poyera munthu amakulandira ngati gawo la ntchito. Kuyendera kwa m'tseri amakumva ngati kumunena kuti ndi mbala.

Chimene chimapha udindo msanga kuposa zonse ndi kugubuduza chigamulo cha munthu pamaso pa anthu. Adepyute akonza taimutebulo, aphunzitsi ena sakukondwa poti apatsidwa mapiriyodi a masana, apita kwa ahedi mwamseri, ahedi asintha osawafunsa adepyute. Kuyambira tsiku limenelo sitafu yonse yadziwa kuti mawu a adepyute ndi ongoyembekezera apilo. Nawonso adepyute aphunzira kuti kugamula n'kudzichotsa ulemu, ndiye mawa adzangoti, "Tidikire eni ake." Mawu aja tinawamva pakhonde sabadwa okha, amaphunzitsidwa. Yankho loyenera kwa wodandaula ndi lalifupi: "Aphunzitsi, taimutebulo ili m'manja mwa adepyute, kaonaneni nawo. Mukapanda kumvana mubwere nonse awiri." Ngati adepyute analakwitsadi, ahedi awauze ali awiri, ndipo okalengeza kusinthako akhale adepyute omwewo.

Apa pakubwera chinthu chovuta kuchimeza. Wopatsidwa udindo sadzachita ndendende momwe ahedi akanachitira. Adzakonza mzere wa phala kuyambira Sitandade 8 m'malo mwa Sitandade 1, adzalemba maminitsi a msonkhano mwa njira yake. Ahedi azidzifunsa: kodi izi zalakwika, kapena zangosiyana ndi zanga? Zikakhala zangosiyana, akhale chete. Pakamwa pamayabwa, koma akhale chete.

Palinso msampha wina, wa ntchito yobwerera. Mphunzitsi wapatsidwa za masewero, pakutha pa masiku awiri ali pakhomo: "Ahedi, mpira waphulika, ndiye titani?" Ahedi okonda kuthandiza amayankha msanga, mawa lake ndi iwo akufunafuna pampu ndi zigamba. Udindo wabwerera kwa mwini wake popanda wina kuzindikira. Funso limodzi limakwana: "Inu mwaganiza zotani?" Kawiri, katatu, munthu amayamba kubwera ndi yankho lake m'manja.

Tisabise, aphunzitsi nawo amaona kuti chikugawidwa n'chiyani ndipo akulandira ndani. Ngati ntchito zonse zotopetsa, kuyang'anira kusesa, kulemba marejisitala, kuperekeza ana ku maliro, zimagwera anthu omwewomwewo, pomwe maphunziro a ku boma okhala ndi alawansi amapita ahedi okha kapena mnzawo wa kumpingo, palibe angatche zimenezo kugawa udindo. Nkhani ya alawansi yagawanitsa masitafu ambiri kuposa nkhani ya chiphunzitso. Njira yake ndi yosavuta ngakhale imawawa: kalata yoitanira ku maphunziro a kuwerenga ikabwera, apite amene amaphunzitsa kuwerenga, ndipo akabwerako adzaphunzitse anzake. Ndandanda ya amene anapitako imatidwe mu sitafu rumu.

Za mapulifekiti ndingonena pang'ono. Kupatsa ana udindo n'kwabwino, amaphunzira utsogoleri, ndipo amamva zimene aphunzitsi sangamve. Koma mwana asapatsidwe mphamvu yolanga mnzake. Kukwapula n'koletsedwa ngakhale kwa mphunzitsi, nanji kwa mnyamata wa Fomu 4 usiku ku hositelo kopanda wamkulu woona.

Zikalakwika

Zidzalakwika ndithu, tsiku lina. Amene anapatsidwa zolembetsa mayeso adzasiya dzina la mwana mmodzi. Zimene ahedi achite sabata imeneyo ndi zimene sitafu yonse idzakumbukire. Akaima pamaso pa a PEA n'kunena kuti "si ine, ndi aphunzitsi awa," adzipulumutsa lero, koma palibenso adzavomere udindo pasukulupo. Akanena kuti "zachitika pasukulu panga, ndinayenera kuonanso ndandandayo, tikukonza," kenako n'kukambirana ndi mphunzitsiyo paokha, anthu amalimba mtima.

Koma kulakwitsa n'kosiyana ndi kusakhulupirika. Woiwala kulemba thumba amafunika kuthandizidwa. Wogulitsa thumba n'kunama amafunika kulandidwa kiyi tsiku lomwelo, nkhani n'kulembedwa mu logibuku, ngakhale atakhala mlamu wa amfumu. Ahedi amene amalanga zonse mofanana amaopseza anthu abwino, ndipo amene amakhululuka zonse mofanana amawafooketsa, poti amaona wakuba akuyendabe ndi makiyi.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi maboma ena akummwera, sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. M'makalasi munagona mabanja, zimbudzi za ana zinatumikira mudzi wonse, mabuku ndi madesiki zinafunika wozisunga, thandizo linafunika wolilandira ndi kulilemba. Ahedi ena nawonso nyumba zawo zinali zitagwa, ena anali tsidya lina la mtsinje mlatho utakokoloka. Pa nthawi ngati imeneyo palibe mpata wophunzitsa munthu kugamula. Amagamula ndi amene anazolowera kale pa zinthu zazing'ono, pa choko, pa phala ndi pa taimutebulo.

Ngakhale popanda namondwe, tsiku lochoka limafika. Kalata ya positingi imabwera, kapena zaka zopumira pantchito zimakwana, lole n'kuima pakhomo pa nyumba ya ahedi kudzanyamula katundu. Pa sukulu ina olowa m'malo amatha teremu yathunthu akufunafuna: buku la akaunti lili kuti, ndani amasaina ku banki, mabuku a Sitandade 5 anabwera angati, mgwirizano ndi amfumu pa za munda wa sukulu unali wotani. Zonse zinakwera lole limodzi ndi mwini wake. Pa sukulu ina kupatsirana kumatha masana amodzi. Adepyute abweretsa logibuku ndi mafayilo, madamu a phala abweretsa buku la sitoko, msungichuma wa komiti abwera ndi malisiti m'jumbo, ndipo ahedi ochokawo apisa m'thumba n'kutulutsa makiyi awiri okha, wa ofesi ndi wa kabati ya chidindo.